Mafuta a Buluu ndi Msana wa Apongozi Anga

Zikomo atsogoleri pondipatsa mpata. Anzanga a njinga zamoto, makamaka inu mwaima kumbuyoko makiyi ali kale m'manja, ndakuonani. Takhalani kaye pansi, makasitomala sathera lero. Kulankhula pagulu sindinazolowere, ndiye mundipirire.

Ndine Limbikani Tembo, koma amene munayamba kale ntchitoyi muno mu Chipata mumandidziwa kuti Buluu. Dzina limenelo ndinkalinyadira. Masiku ano munthu akandiitana choncho, mtima umandiwawa. Ndinali ndi banja, mkazi wanga Esnart, amake Dalitso, ndi ana awiri. Esnart ali moyo, ali kwawo ku Kasenengwa. Zimene ndikuuzeni lero ndi mmene anachokera m'nyumba mwanga, ndi mmene ndakhala ndikuyesera kuti abwerere.

Zinayamba ndi botolo, koma si la mowa, limenelo linabwera pambuyo. Pa renki pathu panafika mkulu wina wovala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, chigubu chili m'buti ya galimoto. Anati ndi mafuta a mpikisano, amene amathira anthu opikisana pa magalimoto ndi njinga ku Lusaka. Anatsanulirako m'botolo kuti tione. Abale, kukongola kwake! A buluu ngati madzi ochapira yunifomu yatsopano, fungo lake lotsekemera, osati kununkha kwa petulo wathuyu. Anati okiteni wake ndi wapamwamba. Panalibe amene anafunsa kuti okiteni n'chiyani. Tonse tinangogwedeza mitu ngati tinaphunzira naye kalasi imodzi.

Woyamba kuthira ndinali ine. Njinga yanga inali zomwezi tonse tili nazozi, zonyamulira amayi a tomato ndi matumba a makala. Singano yoonetsa liwiro inafa kalekale, ngati njinga zambiri zimene mwaimika panjapo. Musaseke, ndaziona polowa. Ndiye liwiro tinkaliyeza ndi makutu ndi mphepo ya kumaso. Nditathira ndinalowa msewu wa ku Lundazi n'kupotokola moto mpaka kumapeto, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chigulireni njingayo. Inathamangadi. Ndinabwerera pa renki misozi ya mphepo ili m'masaya, ndikulumbira kuti njinga yasanduka ndege.

Kuyambira pamenepo zinthu zinatsetsereka msanga. Lamulungu masana tinkakumana kunja kwa tauni n'kumapikisana, ndipo ine ndinkapambana kawirikawiri. Kutchalitchi ndinasiya, ndinkati ndili pa ntchito. Ndikanyamula kasitomala n'kuona mnzanga kutsogolo, ndinkaiwala kuti kumbuyo kuli munthu. Amayi ena anatsika pakati pa njira n'kunditukwana, ine n'kumaseka. Mapulagi ankafa pafupipafupi, akuda ndi zoyangayanga. Makaniko wanga anandiuza kuti mafuta amenewo si a injini ngati yanga, akungondiphera mapulagi ndipo liwiro sakuwonjezera ngakhale pang'ono. Ndinamuyankha kuti ndi nsanje, n'kusintha makaniko. Kunyumba ndiwo zinayamba kuchepa chifukwa mafutawo anali odula. Esnart akadandaula ndinkamuuza kuti za njinga sazidziwa, asamale za kukhitchini. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ine ndinali mbuzi imeneyo.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga, amayi ake a Esnart, a Nabanda. Mayi wamasiye, wamphamvu zake, wolima yekha munda umene amuna awiri angaudandaule. Akamaseka ndi mwana wawo, nyumba yachitatu inkamva. Koma ndi ine ankasunga mwambo, ndipo inu akunoko mukuudziwa. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sakhala mphasa imodzi, sakhudzana. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana ine ndili pomwepo, amvekere Dalitso uwauze atate ako kuti mbatata izi n'zawo. Ine ndinkayankhanso kudzera mwa Dalitso yemweyo. Sikudana ayi, ndi ulemu. Ankandikonda mayi amene uja. Nkhuku yonona ya pakhomo pawo inkasungidwira ine.

Anabwera kutauni kudzaona adzukulu, ndipo Lamulungu anafuna kubwerera chifukwa m'mawa mwake kunali maliro kumudzi woyandikana nawo. Basi ya kwawo sinkadzaza, ndiye sinkanyamuka. Mlamu wanga Masauso, mchimwene wake wa Esnart, ndiye akanawatenga, poti amadziwa kuyendetsa ndipo dzulo lake anali atabwereka njinga yanga kupita ku Chipangali. Koma tsikulo anali pa ntchito kusitolo kumene amagulitsa. Esnart anavutika mumtima, kenako anandipempha ine.

Esnart anawakweza yekha pa njinga. Apongozi anakhala cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi, atadzikokera kumbuyo kwenikweni kuti pakati pathu patsale mpata. Dzanja limodzi linagwira kaliyala, chitsulo chomangapo katundu chija, linalo kachikwama pamiyendo. Esnart anabwera pafupi ndi khutu langa.

"Atate a Dalitso, muyende pang'onopang'ono. Amayi sangakugwireni, ndipo sangakuuzeni kuti chepetsani."

Ndinamuseka. Ndinati kodi akuphunzitsa nsomba kusambira?

Tinatuluka m'tauni bwinobwino. Ndinkayenda ngati ndanyamula mazira, ndipo ndikanapitiriza choncho bwenzi lero ndili pa renki, osati pano. Tili pa tala, kumbuyo kunamveka hutala. Anali Jere, mnzanga amene ndinkapikisana naye Lamulungu lililonse. Anafika pambali panga, n'kuyang'ana apongozi, n'kundiyang'ana ine, n'kukuwa kuti Buluu lero wathira phala m'thanki. Anandipitirira akuseka.

Sindinaganize chilichonse, musandifunse kuti ndinkaganiza chiyani. Dzanja linangopotokola. Ndinamva kaliyala ikugwedera kumbuyo, ndinadziwa kuti mayi uja akulimbana nayo ndi dzanja limodzi. Kasitomala wina aliyense akanandigwira m'chiuno, akanandimenya pamsana, akanakuwa. Iwo sanandikhudze, sanatulutse mawu. Ndinamupeza Jere, ndinamupitirira, ndipo ndinatembenuka kuti ndimuonetse mano. Pobweza maso kutsogolo, dzenje linali kale pansi pa tayala.

Ine sindinagwe. Njinga inadumpha n'kutera, ndinaigwira, ndipo inangopepuka. Kupepuka kumeneko, abale, mpaka lero ndimakumva m'manja. Nditaima n'kuyang'ana kumbuyo, anali gone m'mphepete mwa tala, chagada, nsapato imodzi ili pakati pa msewu. Ndinathamanga n'kugwada pambali pawo. Maso anali otsegula. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kukoka chitenje kuti aphimbe mawondo awo, chifukwa mkamwini wafika. Miyendoyo sinasunthe.

Kuchipatala anati msana wathyoka m'munsi ndipo sadzayendanso. Apolisi anandisunga pamodzi ndi njinga. Apolisiwo atapita kukawafunsa pabedi, apongozi anati palibe mlandu, dzenje ndi la msewu, ndipo woyendetsayo ndi mwana wawo. Ananditulutsa. Ndikanakonda akanandimanga, chifukwa mwina ndikanamva kuti ndalipirako kanthu. Apongozi atawatulutsa m'chipatala, Esnart anatenga ana ndi zovala zake n'kupita nawo ku Kasenengwa kukawadwazika. Sanandikalipire. Anandisiyira makiyi pa tebulo, mbale atatsuka.

Apa ndiye panabwera botolo lachiwiri lija. Ndinayamba ndi kumwa kuti ndigone, kenako kumwa kuti ndidzuke. Njinga ndinaibwereketsa kwa munthu wina, zimene ankandipatsa zonse zinkathera ku kachasu kuseri kwa msika. Ndinagulitsa wailesi, mipando, mpaka makina osokera a Esnart, amene anagula yekha ndi thukuta lake. Ndinagonapo m'ngalande masana, ana a sukulu akundilumpha. Ena mwa inu munandiona, ndipo munachita bwino kundilambalala, chifukwa ndinkanunkha.

Ndipo ndinali ndi nyimbo yanga imodzi. Aliyense wokhala nane pafupi ndinkamuuza kuti ndi mafuta aja. Mafuta aja ndi amphamvu kwambiri, njinga inandilanda ulamuliro, wolakwa ndi mkulu wa jekete amene anatigulitsa zinthu za ziwanda. Ndinkamusaka kuti ndimumenye, koma anali atasowa kalekale. Anthu ankandimvera chisoni, ena n'kundigulirako kapu. Inenso ndinafika poikhulupirira nkhaniyo. Inkandithandiza kupuma.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu, ndili pa benchi pa malo a kachasu paja, ndikuimba nyimbo yomweyo kwa alendo awiri, ndinaona Masauso ataima pakhomo. Chichitikireni ngozi anali asanandilankhulepo. Anali atavala malaya a kuntchito, ataonda. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anakhala pa benchi pomwepo, pafupi nane, osasamala fungo.

Anandifunsa ngati ndikukumbukira kuti dzulo lake la ngozi anabwereka njinga. Ndinati ndikukumbukira. Anandifunsa kuti ndinamupatsa mafuta ochuluka bwanji. Ndinati analimo ndithu. Anapukusa mutu. Anati mafutawo anamuthera asanafike n'komwe ku Chipangali, mpaka anaikankha njingayo kukafika pamene amagulitsa petulo wa m'mabotolo. Pobwerera anadzazitsa pa filing'i m'tauni kuti andibwezere thanki yodzaza, monga amachitira munthu waulemu. Sanandiuze chifukwa ankaopa kuti ndimukalipira kuti wandiipitsira injini.

"Alamu, tsiku lija m'thanki mwanu munalibe buluu ngakhale dontho. Munali petulo wamba, yemweyu amathira aliyense. Amayi anagwetsedwa ndi dzanja lanu."

Sanakweze mawu. Ndinafuna kumutsutsa, koma zonse zinayamba kundibwerera. Ndinakumbukira mmene njinga inathamangira tsiku lija, mmene ndinamupitirira Jere. Inathamanga chimodzimodzi ngati masiku onse. Kutanthauza kuti miyezi yonse ija mafuta sankachita kanthu. Chimene chinkasintha ndikathira buluu ndi ine. Ndinkalimba mtima n'kupotokola mpaka kumapeto, pamene anzanga ankasiyako pang'ono chifukwa ankakumbukira kuti ali ndi ana kunyumba. Kupambana kwanga konse kunali komweko, kusaopa kufa ndi kusaopa kupha.

Ndinalira pamaso pa anthu onse aja, kulira kokhala ndi mamina komwe. Masauso sananditonthoze. Anadikira, kenako anati sanabwere kudzandikhululukira, iye zimenezo sanafikepo. Anabwera chifukwa mvula yayandikira, munda wa amayi ake uli thengo, ndipo mlongo wake sangathe kudwazika ndi kulima nthawi imodzi. Anati ngati ndikadali munthu ndikudziwa kumene kuli khasu. Anaimirira n'kubwerera kuntchito.

Kapu imene inali patsogolo panga sindinaimalize. Sindikunamizani kuti ndinasiyiratu tsiku lomwelo. Ndinagwanso kawiri konse, thupi likunjenjemera ngati ndili ndi malungo. Koma ndikuuzeni zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza.

Choyamba ndinasiya nyimbo ija. Ndinapita pa renki ndili bwinobwino, osamwa, n'kuuza anzanga, Jere ali pomwepo, kuti ndinkanama, wolakwa ndine. Zinandivuta kuposa kusiya kachasu. Ukapitiriza kuloza chala mafuta, dzenje, mnzako amene anakuputa, sudzachira, chifukwa ukumwa mankhwala a matenda amene ulibe.

Kenako ndinasintha njira. Kuseri kwa msika kuja sindidutsako mpaka lero, ngakhale kasitomala akhale wa komweko, ndimamupatsa mnzanga. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa kwathu, bambo wina amene nayenso anamwapo zaka zambiri, n'kumupempha kuti Lamulungu masana ndizikhala pakhomo pake. Nthawi imeneyo ndi imene inkandivuta, nthawi ya mpikisano. Tinkangokhala, nthawi zina kusewera nsolo, nthawi zina osalankhula n'komwe.

Ndinabwereranso kwa makaniko wanga woyamba uja kukapepesa. Anandiseka kaye mokwanira, kenako anandifotokozera bwinobwino. Okiteni si mphamvu. Amangothandiza kuti mafuta asaphulike msanga m'mainjini a mpikisano, amene amapanikiza kwambiri. Mu injini ngati zathuzi, kuthira mafuta amenewo kuli ngati kuveka bulu nsapato za mpira. Tinakonza mabuleki, tinaika singano ya liwiro yatsopano, ndipo ndinagula chipewa chachiwiri choteteza mutu, cha kasitomala. Amene wakana kuvala sindimunyamula. Amene wakhala cham'mbali, kaya ndi mayi wachikulire amene sangandigwire, ndimayenda naye liwiro loti wa njinga yakapalasa akhoza kundipatsa moni.

Ku Kasenengwa sindinangotulukira. Ndinatuma ankhoswe, amalume anga, kukapempha kuti ndiloledwe kulima mundawo. Anandilola munda, pakhomo ayi. Ndinkagona kwa munthu wina wa mumpingo kumudzi woyandikana nawo, m'mawa kumunda, ndipo pakati pa sabata ndinkabwerera kutauni kukagwira ntchito. Ana ankandibweretsera madzi. Esnart ndinkamuonera patali, akuyanika zofunda za amayi ake pa chingwe. Tsiku lililonse ankachapa zofunda.

Titakolola, apongozi anaitanitsa kuti ndifike pakhomo. Anali atawagoneka pakhonde, pa matiresi. Mayi wamphamvu uja anali atatha, manja okha ndiwo anali akadali awo. Ndinagwada chapatali, kumbali, monga mwa mwambo. Dalitso anali pomwepo, ndipo ndinkadikira kuti alankhule kudzera mwa iye. Anamuuza kuti apite akasewere. Kenako anandilankhula ine mwini, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"A Tembo, ine ndinakukhululukirani ndili pa tala pomwe paja. Chimanga mwalima ndachiona. Koma za m'nyumba mwanu si ine wonena."

Ndinawomba m'manja mothokoza. Esnart anali ataima pakhomo la khitchini, anamva zonse. Pochoka anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, ndipo mumtima ndinkati mwina lero. Ndinamuuza kuti ndasiya mowa, makina ake ndawombola ali kunyumba, nyumba ndapeza ina yokhala ndi chipinda choti amayi azigonamo pafupi ndi chipatala. Anamvetsera zonse maso ali pansi.

"Ndamva, atate a Dalitso, ndipo ndikuona kuti mwasintha. Amayi akukhululukirani, n'zoona. Koma amene amawatembenuza ndi kuwasambitsa ndine. Ndikawanyamula ndimakumbukira kuti ndinakuuzani, inu n'kuseka. Ndayesa kupemphera kuti kuseka kumene kuja kuchoke m'makutu mwanga. Sikunachoke."

Sindinamukakamize. Ndikanati chiyani? Madzi akatayika saoleka. Ndinakwera njinga n'kubwerera kutauni, ndipo ndikuuzeni zoona, tsiku limenelo ndinalakalaka kachasu kuposa masiku onse. Ndinapitirira mpaka kwa mkulu wa mpingo uja, ndinakhala pakhonde pake mpaka chilakolakocho chinatha.

Ndiye musaganize kuti ndabwera kudzakuuzani kuti ukasintha zonse zimabwerera. Zina sizibwerera. Mayi uja sadzapondanso m'munda mwake. Ine ndikulimabe mundawo, uno ndi mwaka wachitatu. Ana amabwera kwa ine pa holide. Chipinda chija chilipobe, ndimachisesa. Mafuta a buluu ndamva kuti ayambanso kuoneka m'mabotolo pa marenki ena, ndipo wina wa inu mwina ali nawo m'thanki panopa. Sindikulanda. Ndikungokuuza kuti amene akuthamangayo ndiwe, ndipo kumbuyo kwako kuli mayi wa munthu.

Mwezi wathawu, mvula isanayambe, ndinamuona Esnart m'tauni. Anali ataima pamene pamakwerera mabasi a kwawo, thumba la feteleza lili pamapazi ake, kondakitala akukangana naye kuti thumbalo malo ake palibe. Ndinaimika njinga chapatali, ndinavula chipewa, n'kupita kukamupatsa moni. Anandiyankha mwaulemu, anandiuza kuti amayi adzuka bwino ndi kuti Dalitso wakhoza mayeso. Ndinalimba mtima. Ndinati ndikhoza kumuperekeza mpaka kumudzi, chipewa chachiwiri ndili nacho, ndipo ndiyenda mmene iye anganenere.

Anayang'ana njingayo nthawi yaitali. Anayang'ana kaliyala. Kenako anandiyang'ana ine kumaso, chinthu chimene anali asanachite chichokereni m'nyumba.

"Thumbali tengani. Ine ndikwera basi."

Ndinalimanga pa kaliyala ndi malamba awiri, n'kuliyesa ngati lalimba, n'kuliyesanso. Basi inanyamuka, inandipitirira tisanatuluke n'komwe m'tauni, ndipo ndinaisiya ipite. Pa malo paja ndinadutsa pang'onopang'ono, dzenjelo analikwirira kalekale. Nditafika kumudzi ndinapeza Esnart atafika kale, wavula nsapato, akutembenuza amayi ake. Ndinatsitsa thumba pakhonde. Analiyendera mbali zonse, sanapeze pong'ambika, ndipo anauza Dalitso kuti andipatse mpando ndi madzi akumwa.

Pamene ndafika ndi pamenepo, abale anga. Panopa andikhulupirira ndi thumba la feteleza. Mundipempherere, ndipo poti mukutuluka, muyende bwino ndi anthu a eni.